Mbuzi za Amayi Zitavala Ndolo za Khonsolo

Kwathu kuno khonsolo ikagula katundu, katunduyo amayamba wabwerekedwa. Aliyense amadziwa, ndipo palibe amene amakutcha kuba. Chaka chimene anagula mipando ya mu holo, tsiku loyendera anakatenga mipando kwa munthu wobwereketsa zapaukwati. Oyendera anawerenga, anasaina, ndipo madzulo mipando inabwerera kwa mwini wake ikununkhabe msuzi wa paphwando. Chaka cha mainjini opopera madzi, injini inali imodzi yokha. Mwini tenda, amene anapatsidwa ntchito yogula mainjiniwo, ankathamanga nayo panjinga yamoto kudutsa m'minda ya chinangwa, n'kukaikhazika pachitsime chotsatira oyendera asanafike. Wobwereketsa chinthu chake amalandira shuga, botolo la mafuta ophikira ndi kabokosi ka mpunga wa nkhuku, basi nkhani yatha. Ndiye amalume anga a Parjo atabwera kudzabwereka mbuzi, amayi sanaone chachilendo.

Khonsolo ya mudzi wathu inali italandira ndalama zogulira mbuzi zamkaka makumi anayi zoti zigawidwe kwa mabanja osauka. Lamulo limati ogulitsa atatu apereke mitengo yawo, wotsika mtengo ndiye apatsidwe tenda. Ogulitsa atatuwo anali amalume, akazi awo, ndi dalaivala wawo, munthu woti sadziwa n'komwe kuti mbuzi imakamidwa mbali iti. Amalume anapambana. Atachotsa za akomiti, za wapampando, za uyu ndi za uyo, zotsala zinagula timbuzi khumi ndi tiwiri tamanthongo m'maso, totsokomola ngati nkhalamba. Zinazo anayenda khomo ndi khomo kubwereka.

Ife tinali nazo zitatu, zija zamakutu aatali ogwera mpaka pakhosi. Chimwalirireni bambo, mpunga wa m'nyumba mwathu unkachokera m'mawere a mbuzi zimenezi. Ine ndimakonza mafoni pakabenchi kumsika, koma zimene ndimapeza zimathera mafuta a njinga yanga yamoto. Amayi ankakama m'mamawa, n'kukagulitsa mkaka m'mabotolo kwa aphunzitsi ndi kwa anthu odwala chifuwa. Mbuzi yaikulu ankaitcha Menik. Inali ndi tiana tiwiri toyamwa, tosatha mwezi.

Amalume anakhala pakhonde, miyendo atasanjikiza, akupumira utsi wa fodya wawo wonunkhira m'kapu ya tiyi.

"Nem, mlongo wanga, n'za tsiku limodzi lokha. Zikaima pamzere, azijambule, zidyeko masamba a boma, dzuwa lisanalowe zabwera."

Amayi anafunsa za tiana tija. Amalume anati titsale, pepala likunena mbuzi zazikulu, tiana tikasokoneza chiwerengero. Ine ndinali pakhomo ndikupukuta njinga, ndipo ndinawauza kuti munthu wopambana tenda ya mbuzi amagula mbuzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Injiniya walankhula. Iwe Priyo, foni ya azakhali ako ija unaikonza mpaka lero imayankhula yokha m'thumba. Ukatha imeneyo udzandiphunzitse bizinesi."

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lotseka pakamwa. Amalume atapita anandikumbutsa kuti nsalu yoyera yokulungira mtembo wa bambo anagula ndi achimwene awo omwewa, ndipo munthu sakana mlongo wake chinthu cha tsiku limodzi.

Tsiku loyendera anamanga tenti pabwalo la kutsogolo kwa holo. Panali chinsalu chachikulu cholembedwa dzina la ntchitoyo ndi nkhope ya wapampando ikumwetulira, ndiponso chimkuzamawu chimene chinkalira chokha. Mbuzi zinamangidwa pamzere, zobwereka kutsogolo, zotsokomola kumbuyo kwenikweni. Amalume anagawira eni mbuzi malaya obiriwira olembedwa dzina la kampani yawo, kuti azioneka ngati antchito. Amayi anavala awo pamwamba pa bulauzi, anawafika m'mawondo. Mabanja olandira anakhala pamipando. Iwonso ankaudziwa mwambowo: umagwira chingwe, amakujambula, umabweza chingwe, kenako umadikira kaya chidzabwera chiyani.

Zaka zonsezi woyendera ziweto anali mdala wina amene ankawerenga ali m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono. Koma mdalayo anali atapuma pantchito. M'galimoto ya boma munatuluka mtsikana wovala jombo, mlangizi watsopano wa ziweto, dzina lake Wulan. Tiyi anakana. Anayamba kumapeto kwa mzere, kuyasamula mbuzi iliyonse kuona mano, kugwira mawere, kuyang'ana ziboda. Pa totsokomola tija anakwinya nkhope n'kulamula amalume kuti agule mankhwala ndi ndalama zawo. Atafika pa Menik anaisisita pamsana nanena kuti izi ndiye mbuzi zimene boma limafuna. Amayi, osaganiza, anamwetulira.

Kenako anatulutsa m'chikwama chida chonga chopanira ndi thumba la timapulasitiki tachikasu tolembedwa manambala. Anagwira khutu la Menik, kulipinda, n'kuboola. Menik inalira kamodzi, magazi pang'ono anatsikira pakhutu lalitali lija. Amayi ena kumipando anaseka nati mbuzi zavala ndolo ngati akwati.

Atamaliza zonse anatenga chimkuzamawu. Anati wamva zimene zimachitika m'midzi ina, kuti katundu amasowa chithunzi chikangojambulidwa, ndipo iye sadzalola kuti osauka aberedwe maso ake akuona. Banja lililonse litenga mbuzi yake lero lomwe, iye ali pomwepo. Aliyense amujambula ndi mbuzi yake, nambala ikuoneka. Azidzabwera osanena tsiku, ndipo amene adzapezeke alibe mbuzi adzakayankha kupolisi. Anawonjeza kuti mwana woyamba wa mbuzi iliyonse ndi wa khonsolo, adzaperekedwa kwa banja lina losauka.

Woyamba kuwomba m'manja anali amalume.

Amayi anawayang'ana. Amalume anangotsitsa dzanja pang'onopang'ono ngati akukhazika mwana pansi. Ine ndinadzuka, koma amayi anandigwira lamba kumbuyo n'kundikokera pansi. Mayina anayamba kuitanidwa. Mbuzi zathu ziwiri zinapita kwa mabanja a kumtunda, anthu amene timangopatsana nawo moni. Menik inagwera a Ngatiyem a kutsidya kwa mtsinje wouma, mnzawo wa amayi amene amabzala nawo limodzi mtedza, mayi amene mwamuna wake anafa ziwalo mbali imodzi ndipo amangogona. A Ngatiyem analandira chingwe m'manja mwa amayi osawayang'ana kumaso. Amayi anabwerera kunyumba atanyamula shuga ndi mafuta.

Dzuwa linalowa, amalume osabwera. Tiana tija tinalira m'khola mpaka mawu kusasa. Amayi anatithira madzi a mpunga ndi mkaka wa m'chitini m'botolo, koma tinkalavula.

M'mawa mwake amayi anawoloka mtsinje, ine pambuyo. Tinapeza Menik itamangidwa pamtengo wa nthochi, mawere atatupa. Itaona amayi inakoka chingwe mpaka kudzitsamwitsa. A Ngatiyem anatuluka akupukuta manja pansalu, natiyalira mphasa, natifunsa za kunyumba ngati tachokera kutali. Amayi ananena mofatsa chimene tabwerera.

"Achemwali, ndikudziwa kuti ndi yanu. Ndani sadziwa? Koma chithunzi chili kuboma ndi changa, nambala ili pa dzina langa. Akabwera mlangizi uja osaipeza, amanga ine. Ndiye awa ali m'nyumbawa adzawatembenuza ndani?"

Amayi anati achimwene awo akonza, abweretsa ina. A Ngatiyem anati akabweretsa adzaona. Kenako analankhula akuyang'ana pansi.

"Ndisakunamizeni, chibadwire sindinalandirepo kanthu. Ikanandigwera yotsokomola ija ndikanalandira yomweyo. Yandigwera iyi."

Ndinawauza kuti chimene chawagwera ndi katundu wakuba, ndipo wosunga wakuba ndi wakubanso. Amayi anandimenya pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, pamaso pa anthu. Kenako anapempha kuti mwina azibweretsako tiana tija tidzayamwe. A Ngatiyem anati iwo sakukana, koma amayi akumbukire zimene ananena mlangizi: kamwana kopezeka kakuyamwa pa mbuzi ya ndolo ndi ka khonsolo. Amayi anakama Menik kuti mawere apepuke, mkakawo n'kuusiya pomwepo m'poto wa a Ngatiyem.

Si ife tokha tinabwereketsa. Koma amene anali ndi mawu m'mudzi, monga mwini chigayo ndi mlamu wa wapampando, mbuzi zawo zinabwerera mkati mwa sabata. Amalume anayenda ndi wapolisi wa m'mudzi, kudula ndolo apa, kuivalika pa yotsokomola ina yogula motchipa apo, olandirawo n'kungoyang'ana. Kwa amayi ankangoti mawa. Mawa lake likafika ankati khonsolo sinawalipire. Atagula kalole katsopano koyera anati n'kangongole.

Ndinawerenga malamulo a kagulidwe ka katundu wa khonsolo pafoni, ndime ndi ndime, mpaka maso kuwawa. Zonse zinali momwemo. Wogulitsa apereke katundu wake weniweni. Ogulitsa atatu asakhale a nyumba imodzi. Akomiti aone katundu asanalipire. Ndinapita ku ofesi ya khonsolo mutu uli wodzaza ndi ndime.

Mlembi wa khonsolo, a Wasito, ndi munthu wamawu ofewa, woti ngakhale akukuuza kuti nyumba yako yapsa umayamba wathokoza. Anandikhazika pampando, anaitanitsa tiyi, namvetsera zonse akugwedeza mutu. Anati ndawerenga bwino kuposa akomiti onse ataphatikizana, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mutu wotere unasiya sukulu. Kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione. Panali chithunzi cha amayi atavala malaya obiriwira a kampani, chingwe cha Menik m'manja, akumwetulira. Chachiwiri anali akulandira shuga.

"Mwana wanga, khonsolo inalipira mbuzi makumi anayi, ndipo inalandira mbuzi makumi anayi. Ifeyo tilibe dandaulo. Ukanena kuti zitatu n'za mayi ako, ndiye kuti mayi ako anathandiza kunamiza boma, ndipo analipidwa. Woyamba kuitanidwa kupolisi adzakhala iwowo. Amalume ako ali ndi loya. Mayi ako ali ndi ndani, iweyo?"

Ndinamenya tebulo, tiyi anatayikira pamapepala. Ndinawatcha mbava, iwo ndi wapampando wawo ndi akomiti awo onse. Anatenga kansalu napukuta pang'onopang'ono, nandiuza kuti ndikapereke moni kunyumba.

Ndinakwera njinga mpaka kuboma kukaonana ndi mlangizi uja. Atamva nkhaniyo nkhope yake inasintha, anavula magalasi n'kuwagwira m'manja nthawi yaitali. Anati sankadziwa. Anati angathe kutsegula nkhaniyo, koma pafunika dandaulo losainidwa ndi mwini mbuzi, ndipo sangalonjeze kuti amayi sakhudzidwa. Anatinso nkhani ikatseguka mbuzi zonse makumi anayi zidzalandidwa ngati umboni. Ndinabwera nalo pepalalo kunyumba. Amayi sanaligwire n'komwe. Anati ndimangitse mlongo wanga, ndilande mbuzi m'makomo makumi anayi, kenako ndizikatunga madzi pachitsime chiti? Maliro anga adzanyamula ndani?

Patapita masiku amalume anabwera ndi kalole kawo katsopano, natsitsa kambuzi kamodzi mwa totsokomola tija, khutu lake litang'ambika pomwe anazulapo ndolo. Anati ayamba kubweza pang'onopang'ono, mlongo asadandaule. Kambuziko kanafa sabata isanathe. Kenako kanafanso kamwana kamodzi ka Menik, kaamuna. Amayi anakapeza m'mawa kataumirira pakona ya khola, kanzake kakukanyambita. Anakakwirira kuseri kwa nyumba. Kotsalako kanali kataonda mpaka nthiti kuwerengeka, miyendo ikupindika kakaima.

Linali Lachisanu masana, amuna onse ali kumzikiti. Ndinatenga chodulira mawaya cha kubenchi kwanga n'kuwoloka mtsinje. A Ngatiyem kunalibe, anali atapita kothyola masamba. Mwamuna wawo anali atamugoneka pabedi lansungwi pakhomo kuti aombedwe mphepo. Anandiona ndikulowa. Diso lake limodzi linanditsatira mpaka pamtengo wa nthochi. Menik inali itaonda, ubweya utayimirira, bere limodzi litauma gwa chifukwa chokamidwa molakwika. Ndinagwira khutu, ndinadula ndolo ija n'kuiponya pabedi pafupi ndi dzanja lake lakufalo. Anayesa kukuwa, koma pakamwa pake panangotuluka phokoso longa la chitseko cholira, malovu akutsikira pachibwano. Ndinamasula chingwe.

Sindinaikoke. Menik inathamanga patsogolo panga njira yonse, kutsika mtsinje, kukwera, mpaka pamakwerero a khola lathu lam'mwamba. Kamwana kaja kanagwada n'kuyamba kuyamwa, kamchira kakugwedezeka. Amayi anatuluka m'khitchini, anaima, dzanja pakamwa. Kenako anabwerera m'khitchini, anatenthetsa madzi, nadzagwada n'kuyamba kuthowa bere louma lija ndi kansalu, akuiyankhula Menik motsitsa mawu.

Apolisi anafika amayi akadali chigwadire. Sanavutike kufufuza. Bowo linali pakhutu, ndolo inali m'manja mwa a Ngatiyem amene anaima kumbuyo kwawo akulira. Anandiuza milandu iwiri: kuba katundu wa boma ndi kuwononga chizindikiro cha boma. Ndinawafunsa kuti munthu amaba bwanji mbuzi imene anaiona ikubadwa m'khola la mayi ake. Mmodzi anandiuza kuti funso labwino limenelo ndikalifunse kwa woweruza, nandikankhira m'galimoto. Anthu anali atatuluka kumzikiti ndipo anaima m'mbali mwa msewu, zisoti zawo zoyera zili kumutu. Onse ankadziwa mwini Menik. Palibe anatsegula pakamwa.

M'chitokosi amene anabwera kudzandiona anali amalume, atanyamula mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi ndi paketi ya fodya ya apolisi. Anandiyang'ana kudzera m'zitsulo akupukusa mutu.

"Injiniya, waona tsopano? Ine ndimakonza zinthu mwakachetechete, iwe wabwera ndi chodulira mawaya. Idya, mayi ako asamve kuti wagona ndi njala."

Ndinawalavulira. Malovu anagwera pansapato. Anaipukuta kumbuyo kwa mwendo wa thalauza, nauza wapolisi kuti mwanayu anatengera bambo ake, mtima wapachala.

Kwathu mlandu wa pachibale sufika kukhoti ngati akuluakulu afuna. Amaitanitsa mbali zonse ku holo, wolakwa amapepesa, onse amasaina pepala la mtendere, amadinda chidindo, amajambulitsa atagwirana chanza. Amalume ndi amene anayenda uku ndi uku kuti zitero, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi munthu wa mtima, wopulumutsa mwana amene anamulavulira. Amayi anavomera zonse ndisanatulutsidwe n'komwe.

Mu holo munadzaza. A Wasito anawerenga mfundo ndi mawu awo ofewa aja. Mbuzi nambala yakuti ibwerere kwa a Ngatiyem ndipo ivalikidwe ndolo ina. Priyo apepese kwa a Ngatiyem, kwa khonsolo ndi kwa amalume ake. Akadzayambitsanso chisokonezo pa nkhani ya mbuzi, mlandu udzapitirira pomwe unalekera. Kenako anakonza magalasi nawerenga yomaliza. Popeza apolisi anapeza kamwana kakuyamwa pa mbuzi ya khonsolo, kamwanako n'koyamba kubadwa pa ntchitoyi, ndipo kaperekedwa kwa banja lotsatira.

Ndinayang'ana amayi. Anali atakhala pansi kutsogolo, maso ali pa zala za kumapazi. Ankadziwa kale.

Wapampando anaimirira nanena kuti pa zoipa pamatuluka zabwino, mudzi wathu ukhala woyamba m'boma lonse kupereka lipoti la mbuzi yobereka, miyezi isanakwane n'komwe. Anthu anawomba m'manja. Menik anaiboola khutu lachiwiri pomwepo pakhonde la holo. Kamwana kaja anakavalikanso ndolo, koma khutu lake linali laling'ono moti ndolo inkalikokera pansi, mutu n'kupendekeka.

Ndinagwada pamaso pa amalume monga timachitira kwa akulu, ndinatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi panga. Linkanunkha fodya ndi sopo wodula. Anandisisita m'mutu. Ndikanatha kuwaluma chala mpaka kuduka, koma amayi anali pambali panga, ndipo ndinkamva mpweya wawo. Wojambula anatiimika pamzere.

"Mwetulirako pang'ono, mwana wanga," anatero a Wasito. "Chithunzichi chikupita kuboma."

Amayi anaitenga okha Menik kupita nayo kutsidya. Ine ndinawatsatira chapatali. Atafika anapempha madzi ofunda, nakhazika a Ngatiyem pambali pawo. Anawaonetsa kutsuka bere, kugwira nsonga ndi zala ziwiri pamwamba, kutseka, kenako kufinya ndi zinazo motsatana.

"Musamakoke, imamva kuwawa. Masamba a chinangwa muziyamba mwawayanika, aawisi amaitupitsa mimba. Mvula ikamagwa isagone pansi."

A Ngatiyem ankangolira, akuti achemwali mundikhululukire, achemwali mundikhululukire. Anathira mkaka m'kapu kuti amayi atenge. Amayi anati apatseni odwalawo. Anaimirira, anakonza nsalu yawo, nabwerera osatembenuka, Menik ikulira kumbuyo.

Sipanapite nthawi amalume anabweranso, nakhala pakhonde pomwe paja. Anali ndi nkhani yabwino. Mlangizi uja anadandaula kuti mbuzi za boma zikugona pansi pamitengo, ndiye khonsolo yapeza ndalama zomangira makola am'mwamba makumi anayi. Ogulitsa atatu anapereka mitengo, ndipo mwa chisomo cha Mulungu tenda yagwera iwo. Oyendera abwera sabata yamawa. Anayang'ana khola lathu, lamatabwa olimba, denga lamatailosi, lopanda kanthu mkati.

"Nem, lakoli likungokhala. Amuna asanu ndi atatu alinyamula pamapewa, likaima kwa Ngatiyem tsiku limodzi, alijambule. Ndiponso Menik yako igonamo bwino."

Ndinadikira kuti amayi awathire tiyi kumaso. Anangoti, "Ndamva, achimwene."

Pepala la mtendere linkanena za mbuzi. Silinanene za khola. M'mawa wa tsiku limene amuna aja amabwera ndinatenga nkhwangwa. Ndinayamba ndi makwerero, kenako mizati yakutsogolo. Khola linagwada, matailosi anatsetsereka n'kusweka pansi. Ndinadula thabwa lililonse pakati kuti pasapezeke loti munthu angakhomenso. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, sindinaleke. Amayi anatuluka pa kugwa koyamba. Anaima pakhomo la khitchini mpaka ndinamaliza. Kenako ananena, osakweza mawu, kuti khola limenelo anamanga bambo anga chaka chimene ine ndinabadwa, ndipo mitengo yake anaisenza okha kuchokera kuphiri.

Amalume anafika ndi amuna awo atanyamula nsungwi zonyamulira. Anaona mulu wa matabwa, anaona ine nditakhala pamwamba pake nkhwangwa ili pamiyendo. Ndinkafuna akwiye. Ndinkafuna anene liwu limodzi lokha. Anayatsa fodya, naseka pang'ono, nauza amunawo kuti tiyeni kwa a Sarju, nawonso ali nalo labwino. Pochoka anauza amayi kuti mwanayu akufunika kumupezera mkazi.

Oyendera anawerenga makola makumi anayi. Mlangizi anakhomera kachitsulo ka nambala pa lililonse, ndipo la a Sarju silinabwerere.

Amayi sanandikalipire. Amandiphikira, amandichapira, koma amandiyankha ndi mawu amodziamodzi. Matabwa aja sanalole kuti asonkhezere moto, anawaunjika kuseri kwa nyumba n'kuwafunditsa pepala lapulasitiki. Masiku ano amadzukabe m'mamawa. Amatenga zenga ndi nsalu yoberekera, amakwera kuphiri kukamweta udzu ndi kuthyola masamba, n'kutsika ndi mtolo wowaposa msinkhu. Amagulitsa khomo ndi khomo kwa mabanja amene analandira mbuzi za khonsolo, chifukwa ambiri sadziwa masamba oyenera. Kutsidya kwa mtsinje salowa pabwalo. Amatula mtolo panjira, amaitana a Ngatiyem, n'kudikira chapatali pomwe Menik singawanunkhize.